Galimoto yogona siphedwa ndi mfiti, imaphedwa ndi kiyi

Abale anga, ndakhala masiku atatu ndikudziletsa koma zandikanika. Lero za mitengo ya soya tizisiye kaye. Ndikufuna ndilankhule za galimoto, ndipo ndikudziwa kuti ena mukwiya nane, makamaka akatswiri athu a pa bawo paja. Kwiyani, bola muwerenge mpaka kumapeto.

Loweruka lapitali m'mudzi woyandikana ndi wathu, kuno ku Dowa mbali ya ku Mponela, banja lina limakonzekera kumanga chiliza cha bambo awo amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Malemuwo anasiya Toyota Hilux yakale ya petulo, zija za kabuleta. Chichokereni kumanda galimotoyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake. Mwana wawo wamkulu wabwera kuchokera ku Joni, ndipo maganizo ake anali abwino ndithu. Amafuna kuti simenti ndi njerwa za pamanda a bambo ake zinyamulidwe ndi galimoto ya bambo akewo. Ndani angatsutse zimenezo?

Ine ndimadutsa pa njinga. Ndinapeza boneti ili yasaa, anyamata atazungulira, batire yobwereka kuchigayo ili pansi. Ndinatsika n'kumuitanira pambali mwini wakeyo. Ndinati, "Mphwanga, galimotoyi musayilize lero. Ipatseni sabata imodzi, ndidzakuthandizani ndine." Iye anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Madala, tikungofuna timve kaye ngati ilira. Zinazo tiona pambuyo." Wina kumbuyo n'kuponya mawu akuti, "Ankolo, inu ndi a khasu, izi n'za sipanala." Anthu n'kuseka. Nanenso ndinaseka, koma sindinachoke.

Anapotokola kiyi mpaka batire inatha. Anakankha kutsikira kudambo, kubwerera nayo, kukankhanso, osalira. Kenako anachotsa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya, n'kupatsa mnyamata wa fomu 2, mdzukulu wa malemuwo, botolo la petulo kuti azithira mu kabuleta wina akupotokola kiyi ndi batire yachiwiri. Injini inatsokomola kamodzi, phuu! Lawi linatuluka mu kabuleta n'kugwira botolo, botolo n'kugwira dzanja. Mwana uja wapsa kuchokera pa zala mpaka pa chigongono, nsidze zonse zinapita. Mayi wina ankathamanga ndi ndowa ya madzi kuti athire pa injini, mwamwayi tinamuletsa n'kuzimitsa ndi mchenga. Mwanayo anapita naye kuchipatala pa njinga yamoto.

Mukuganiza kuti anasiya? Aaa, ayi. Madzulo ake anayesanso, ndipo ulendo uno inalira. Nthungululu mudzi wonse. Dalaivala wa tsikulo anaponda moto mpaka pansi akuti ichotse dzimbiri, utsi uli tolotolo. Sipanathe mphindi khumi tinamva go-go-go-go pansi pa injini, kenako zii. Yanoka.

Chimene chandilembetsa si Hilux ayi. Pofika Lolemba nkhani inali itasintha. Akuti galimoto sinafe yokha. Akuti pali azakhali ena okalamba amene sanasangalale ndi m'mene katundu wamasiye anagawidwira, ndiye anaimanga. Gogo woyenda ndi ndodo, amene sadziwa n'komwe kuti oyilo amathira pati, lero ana akumuloza zala kuchitsime. Apa ndiye ndakana. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Galimoto ija sinaphedwe ndi mfiti. Inaphedwa ndi mawu aja akuti timve kaye ngati ilira.

Lachiwiri makaniko wa pa Mponela anabwera kudzatsegula pansi pa injini, ndipo ndinapita dala kukaonerera. Chimene chinatuluka si oyilo, chinali ngati phala la mgaiwa losakaniza ndi makala, madzi ali pansi pake. Kasefa kamene pampu imakokera oyilo kanali katatsekeka ndi matope akuda. Mabeyaringi awiri anali atasungunuka n'kumatirira pa kilankishafuti. M'paipi ya mpweya munali zitsononkho ndi nsanza za makoswe. Ndiye mundiuze, pa zonsezi ufiti uli pati?

Tsono kwa amene munati ine ndi wa khasu, zoona, ndine mlimi. Koma pakhomo panga pali Nissan 1400, kapikiapu kaja ankapanga ku South Africa mpaka 2008. Anabwera nako malemu achimwene anga mu 2012. Atamwalira mu 2019 tinakangana pachibale za mwini wake, monga timachitira, ndipo kanakhala m'chigafa cha fodya dzinja kasanu osalira. Mu Epulo 2024 nkhani itatha kanagwera ine. Ndinakadzutsa ndi thandizo la mkulu wina amene anagwira ntchito yokonza mathirakitala pa esiteti ku Kasungu zaka zambiri. Zinatitengera masiku asanu ndi atatu. Lero kamanyamula soya ndi mtedza, kamatengera odwala kuchipatala usiku. Zimene ndikulembazi ndi zimene mkuluyo anandiphunzitsa manja ali m'girisi.

Choyamba mumvetse chimene chimachitika m'kati mwa injini ikagona. Injini ikamalira zitsulo zake sizikhudzana. Kilankishafuti imazungulira itayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi, amene pampu imakankhira m'mabeyaringi. Galimoto ikaima zaka, oyilo yense amatsetserekera pansi, pamwamba n'kutsala pouma. Injini yongolira payokha osaponda moto imazungulira maulendo pafupifupi 800 pa mphindi. Mukaponda kufika pa 3,000, ndiye kuti maulendo 50 pa sekondi imodzi. Taganizani chitsulo chikukhuzana ndi chitsulo chinzake maulendo 50 pa sekondi popanda oyilo. Ngakhale ekiselo ya ngolo timaipaka girisi tisanamange ng'ombe, chonsecho ngolo imayenda ngati munthu wapansi.

Chachiwiri, injini ikaima pamakhala mavavu ena amene atsala otseguka. Mpweya wachinyezi wa dzinja umalowera ku ekizozi kapena ku kabuleta mpaka m'masilinda, ndipo khoma la silinda limachita dzimbiri. Maringi a pisitoni amamatirira. Mukaikakamiza ndi sitata kapena ndi anyamata khumi okankha, maringi amathyoka n'kukanda khoma. Ikalira imakhala yofuka utsi moyo wake wonse, yomwa oyilo ngati munthu wa ludzu.

Chachitatu ndi petulo. Petulo amaola, abale. Zopepuka zake zimauluka, kutsala zomata ngati ulimbo zimene zimatseka timabowo ta mu kabuleta. Komanso petulo wa kuno kwathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo zimenezi zinayamba kale mu 1982. Poyendera alibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa madziwo amakhazikika pansi pa thanki, pomwe paipi imakokera. Ndiye amene mumathira malita awiri atsopano pamwamba pa petulo wa zaka zinayi, dziwani kuti chimene chimayamba kufika ku injini ndi madzi ndi dzimbiri.

Tsono ife tinachita chonchi.

Tsiku loyamba sitinagwire sipanala n'komwe. Tinakankha galimoto kuitulutsa m'chigafa, chifukwa injini siliziridwa m'nyumba yotseka kapena pafupi ndi udzu ndi fodya wouma. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, umangokugonetsa tulo tosadzuka, ngati mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Tinaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Boneti tinatsegula ndi ndodo titaima patali, chifukwa kumene kuli makoswe njoka sikhala kutali. Tinasesa zisa, tinatsuka, n'kuyamba kutsatira waya uliwonse ndi maso ndi zala. Tinapeza mawaya atatu odyedwa ndi makoswe, mkuwa uli poyera. Tikanangolumikiza batire, moto ukanayambira pamenepo. Tinatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya n'kupezamo makoko a mtedza odzaza manja awiri. Tinapisanso waya ku ekizozi kuona ngati sikunatsekeke.

Tsiku lachiwiri tinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Mkulu uja anati ndiyang'ane mtundu wake ndi kununkhiza. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Wonunkha petulo ndiye kuti wasungunuka, alibenso mphamvu. Wathu anali wakuda bii ndi wolemera. Tinamasula boti ya pansi n'kumusiya akhe usiku wonse, chifukwa oyilo wozizira amatuluka mwaulesi. M'mawa tinamanga fyuluta yatsopano, titapaka oyilo pa labala wake, n'kuthira oyilo watsopano. Kainjini aka sikadya ngakhale malita anayi. Oyilo wakaleyo musatayire m'munda kapena pafupi ndi chitsime. Ife tinasunga m'chigubu, timapaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye.

Tsiku lachitatu tinamasula mapulagi onse anayi. Tisanazule mawaya ake tinamangirira timapepala, 1, 2, 3, 4, chifukwa mukawasokoneza mudzatukwana galimoto yosalakwa. Tinayamba tapemerera fumbi lozungulira mapulagi kuti lisagwere m'kati. M'bowo lililonse tinathiramo oyilo wa injini sipuni imodzi yaikulu, n'kutseka ndi kansalu koyera. Kenako mkulu uja anasamba m'manja n'kunena kuti, "Basi, tionana mkuja." Ine mtima unali m'mwamba, ndimafuna kumva kulira ngati wina aliyense. Ndinati, "Bambo, osangoyesa pang'ono?" Iwo anati, "Yakudikirani zaka zisanu, inu mukulephera kuidikira masiku awiri?" Ndinakhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku odikirawo sitinakhale manja lende. Tinamasula thanki n'kukhuthula zonse. Zimene zinatuluka zinali zofiirira, fungo lake ngati vanishi wa akalipentala. Tinatsuka thanki ndi petulo watsopano pang'ono, panja, kutali ndi moto, ndipo aliyense wosuta fodya tinamuthamangitsa. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo, choncho musayerekeze kuunikamo ndi machesi kapena kupita nayo kwa owotcherera isanatsukidwe bwino. Tinasintha kafyuluta ka petulo ndi mapaipi a labala amene anali atang'aluka. Kabuleta anaimasula mkuluyo, kuitsuka kabowo kalikonse n'kuibwezera. Tinakhuthulanso madzi a mu rediyeta, amene anatuluka ofiira ngati a m'chithaphwi, n'kutsukuluza mpaka oyera. Paipi iliyonse ya madzi tinaifinya ndi dzanja. Yolimba ngati mtengo kapena yofewa ngati nthochi yakupsa tinaichotsa. Lamba wa fani tinagula wina.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndiye linali la mayeso enieni, ndipo kiyi anali adakali m'thumba. Giya ili pa nyutulo, mapulagi ali kunja, mkulu uja anaika sipanala pa boti yaikulu ya pule ya kutsogolo kwa injini n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, mbali imene mivi ya wotchi imayendera. Poyamba inakana. Sanaikakamize. Anaibweza pang'ono, kuipititsa pang'ono, kangapo, mpaka tinamva yamasuka. Anaizunguza maulendo awiri athunthu, chifukwa pamafunika awiri kuti valavu iliyonse itseguke ndi kutseka. Anandiuza kuti ikanaima penapake ngati yagunda mwala, tikanasiya pomwepo n'kutsegula mutu wa injini, chifukwa mwina valavu yamatirira ndipo pisitoni ikuigunda. Dzanja limamva zimenezi n'kuleka. Sitata simva, imangothyola. Anyamata okankha ndiye samva n'komwe.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinabweretsa batire yochajidwa bwino. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6, ndipo imene yagona zaka ili yakufa kawirikawiri sidzukanso, musataye nthawi. Polumikiza mumayamba ndi waya wa pulasi, wa mainasi pomaliza. Pochotsa mumayamba ndi wa mainasi. Ndudu isayandikire, batire imatulutsa mpweya woyaka. Titalumikiza tinadikira kaye tikununkhiza ngati pali waya amene akupsa. Kenako tinazula kawaya kopita ku koyilo kuti pasakhale moto uliwonse, paipi ya petulo isanalumikizidwe, mapulagi adakali kunja, nsanza itaphimba mabowo chifukwa oyilo tinathira uja amatuluka mothovoka. Apa ndi pamene kiyi analowa koyamba. Kuzunguza masekondi khumi, kupumula mphindi imodzi kuti sitata isatenthe, kuzunguzanso. Maso onse ali pa kanyali kofiira ka oyilo pa dashibodi. Ulendo wachitatu kanazima. Kutanthauza kuti pampu yakoka, oyilo wafika m'mabeyaringi injini isanasenze katundu aliyense. Hilux ija ikanachitiridwa chinthu chimodzi chokhachi, kanyali kakanakana kuzima, akanadziwa kuti kasefa katsekeka, ndipo lero bwenzi ili moyo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu tinamanga mapulagi atsopano, kubwezera mawaya monga mwa manambala, kulumikiza petulo, ndi kubwezera fyuluta ya mpweya ndi chivundikiro chake. Mumve bwino apa. Chivundikiro chija si chokongoletsa. Injini ikatsokomola chammbuyo, ndicho chimatsekereza lawi. Munthu asaweramire pa kabuleta yotsegula, ndipo asagwire botolo la petulo pamwamba pake wina akupotokola kiyi. Ngati petulo sakufika, funsani chifukwa chake, pampu kapena paipi, osati kumwetsa injini ndi dzanja la mwana. Tinaika ndowa ziwiri za mchenga ndi chiguduli chonyowa pafupi. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi, petulo amayandama pamwamba pa madzi n'kumwazika nawo. Ana tinawaimika kutali. Ine ndinakhala pa chiwongolero, giya pa nyutulo, mkulu uja ataima pambali pa injini, osati kutsogolo, malaya atapisira kuti fani isawakole.

Inalira ulendo wachinayi. Sindinaponde moto. Mkuluyo anali atandichenjeza kuti kanyali ka oyilo kakapanda kuzima m'masekondi asanu ndizimitse msanga osafunsa. Kanazima. Utsi wobiriwira unatuluka kwa mphindi zingapo, umene unali oyilo tinathira m'masilinda uja, kenako unatha. Tinaisiya ikulira payokha mphindi pafupifupi 20, iye akuyang'ana pansi ngati pakudontha petulo, oyilo kapena madzi, ine ndikuyang'ana muvi wa kutentha. Chitsekero cha rediyeta sitinachigwire mpaka itazizira, chifukwa madzi a m'menemo amatha kukusupula nkhope. Mayi a kunyumba analira misozi atamva kulira kwa galimoto ya alamu awo. Inenso kukhosi kunandithina, sindinama.

Koma kulira si kuyenda. Apanso ndi pamene ambiri timalakwa. Galimoto ikalira, anthu khumi adumphira kale kumbuyo, ulendo wa ku Mponela. Mabuleki mwawaona? Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, timalabala ta m'kati timauma, ndipo buleki imatha kugwira kawiri pabwalo n'kukana kachitatu pa mtsetse. Ife tinasintha mafuta onse a mabuleki ndi timalabala ta kumbuyo. Kilatchi inali itamatirira, tinachita kuinyengerera. Matayala ankaoneka a mano abwino koma m'mbali anali ndi ming'alu. Pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2314, ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Tayala lotere lisakunamizeni ndi mano, lidzaphulika mutasenza matumba. Tinayesa galimoto pabwalo la mpira kaye, pang'onopang'ono, kenako ndinakakonza za COF ndi inshulansi ndisanakwere nayo msewu wa M1. Nditayenda makilomita mazana angapo ndinasinthanso oyilo ndi fyuluta, chifukwa oyilo woyamba uja ntchito yake inali kutsuka.

Tsono ndiyankhe zimene ndikudziwa kuti muzinena, poti ndazimva kale pa bawo.

Ena mukuti, zonsezi ndi ndalama, ife tilibe. Ndikumva, nanenso ndalama ndimaiona pokolola basi. Koma tiwerengere limodzi. Oyilo, mafyuluta, mapulagi anayi, lamba ndi mapaipi zinanditengera ndalama ya matumba ochepa a soya. Banja lija lero likufunika kugula injini ina kapena kukonza kilankishafuti ku Lilongwe, ndipo zikukambidwa n'zogulitsa ng'ombe. Onjezanipo dzanja la mwana wasukulu, lolembera mayeso. Wotchipa ndi uti pamenepa? Ndipo ngati ndalama ya oyilo palibe, ndiye kuti nthawi yodzutsa galimoto sinakwane. Isiyeni igone. Kugona mwezi wina umodzi sikuipha. Komanso theka la zimene ndafotokozazi n'zaulere. Kusesa zisa za makoswe, kuzunguza ndi sipanala, kudikira masiku awiri, zimenezi mumalipira kwa ndani?

Ena mukuti, injini zakale n'zolimba, ya uje inagona zaka zitatu tinangokankha n'kulira. Inde zimachitika. Palinso anthu amene anawoloka Bua atadzaza n'kupulumuka, koma sitiphunzitsa ana kuti aziwoloka choncho. Ndipo mukafufuze bwino, ya ujeyo ikuyendabe? Kapena ndi ija imafuka ngati uvuni wa njerwa, yoyenda ndi chigubu cha oyilo kumbuyo kwa mpando? Injini yovulazidwa tsiku loidzutsa sifa nthawi zonse tsiku lomwelo. Ina imafa patapita miyezi itatu, pakati pa msewu, mutanyamula mayi wapakati, ndipo palibe amakumbukira kuti bala linayamba liti.

Ena mukuti, nanga tiwonongerenji ndalama pa galimoto tisanadziwe ngati ili moyo? Funso ili ndi lanzeru, ndipo ndi limene linali m'mutu mwa mphwanga wa ku Joni uja. Yankho lake ndi sipanala ija. Kuzunguza ndi dzanja ndiko kumakuuzani ngati injini ili moyo, popanda kuivulaza. Mukhoza kuthira oyilo m'masilinda, kudikira, n'kuyesa ndi sipanala musanagule china chilichonse. Ikazungulira bwino, gulani zotsalazo. Ikakana, mwapulumutsa ndalama zanu ndipo injini ikadali yokonzeka.

Amene muli ndi za dizilo musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Thirakitala, chigayo, injini yopopera madzi kudimba imene imagona dzinja lonse, zonsezi lamulo ndi lomwelo: oyilo kaye, dzanja kaye, kiyi pomaliza. Kungoti dizilo ili ndi zake. Mpata wa pamwamba pa pisitoni ndi wochepa kwambiri, ndiye oyilo kapena madzi akatsalamo amapinda chitsulo chogwira pisitoni. Mafuta akale amachita ndere m'thanki, ndipo mukasintha fyuluta mumayenera kutulutsa mpweya m'mapaipi. Petulo musamuyandikize ku injini ya dizilo. Ndiponso amene galimoto zanu zili ndi lamba wa taimingi wa labala m'malo mwa tcheni, sinthani lambayo musanalize. Labala amakalamba ngakhale osagwira ntchito, ndipo pa injini zambiri lambayo akaduka mavavu amapindika. Kanga kali ndi tcheni, n'chifukwa chake sindinavutike nazo.

Mawu awiri okhudza kupsa, poti ndinaona zimene anthu ankafuna kumupaka mwana uja. Wina amati dzira, wina mankhwala otsukira mano, wina oyilo wa galimoto amene. Ayi. Bala la moto mumalithira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kuchotsa mphete kapena chibangili dzanja lisanatupe, kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira kuchipatala. Madzi ndi a pa munthu, mchenga ndi wa pa injini.

M'midzi mwathu muno galimoto zogona zilipo zambiri. Ina mwini wake anamwalira, ina ali ku Joni, ina inasowa sipeya imodzi yokha, ina inaimikidwa nthawi ya kusowa kwa mafuta n'kuiwalika. Ngati mukudziwa kuti yanu iima nthawi yaitali, ichitireni chifundo. Thirani oyilo watsopano musanaiimike, chotsani batire, ikwezeni pa zipika kuti matayala asakhale pansi, handibuleki musakoke, tsekani ekizozi ndi nsanza, ndipo ikhale pansi pa denga. Chimanga ndi mtedza musasungire pafupi, mukuitana makoswe. Ngati pali munthu wokhulupirika, aziiliza kamodzi pa mwezi mpaka itenthe bwinobwino. Mbewu timaisamala chaka chonse kuti idzamere, nanga chuma cha mamiliyoni tichisiyirenji nkhuku?

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Zinthu zikawonongeka chifukwa cha phuma lathu, timathamangira kusaka munthu wofooka woti asenze mlandu. Sitiloza dalaivala amene anaponda moto, sitiloza amene anapatsa mwana botolo, timaloza nkhalamba yopanda mwana wamwamuna woiteteza. Mudziwenso kuti lamulo la dziko lino, lija la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, manyazi okha akanatikwanira. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo atalephera kulowa sindikhulupirira kuti ananamizira azakhali ake.

Mphwanga wa ku Joni, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Sindikukunyozani. Mumafuna kulemekeza bambo anu, ndipo mtima umenewo ndi wabwino. Simenti ndi njerwa zija ndidzanyamula ndine Lachisanu ndi ka Nissan kanga, mafuta okha mudzathire. Koma tisanapite kumanda, inu ndi ine tidzadzere kwa azakhali anu, ndipo mudzatenge kasefa kotsekeka kaja m'manja kuti abale onse akaone chimene chinapha galimoto. Mukatero, Hilux ija tidzaiona limodzi. Bodi yake ikadali yabwino, giyabokosi ilibe vuto, ndipo mkulu wa ku esiteti uja wavomera kale kubwera.

Ndalemba zambiri, pepani, batire ya foni yatsala pang'ono ndipo ng'ombe sizinamwe. Amene muli ndi galimoto pansi pa mtengo wa mango, kiyi akhale kaye m'thumba. Za mitengo ya soya tikambirana mawa.